MALAMULO A KU GENEVA NDI MSIKA WA KU NDIRANDE

Gawo Lachiwiri: Kodi ndani adzaliwerengere dziko lino mapangano ake?

Munthu amene angaime pa msika wa Ndirande m'mawa dzuwa lisanatenthe adzaona kuti dziko lonse lapansi lasonkhana pamenepo. Belo la kaunjika limene mayi akumasula lidawoloka nyanja ya mchere, nsapato za pulasitiki zidachokera ku China, zitenje zina zidalowera ku Songwe, ndipo malata amene amisiri akukhomera zidebe ndi mbaula chitsulo chake sichidasungunulidwe m'dziko muno. Aliyense wa anthu amenewa amaudziwa bwino mtengo wa katundu wake, koma ndi ochepa amene amazindikira kuti mbali ina ya mtengowo idakonzedwa kutali, m'zipinda za misonkhano ku Geneva, ku Lusaka, ku Gaborone ndi ku Accra, ndi anthu amene sadapondepo phazi ku Ndirande.

Gawo lapitalo lidalongosola njira imene wophunzira amatsata kuti akhale loya. Gawo lino likunena za maphunziro amene munthu amachita atalandira kale digiri yoyamba, makamaka a malamulo oyendetsera malonda pakati pa maiko ndi malamulo okhudza amalonda akunja odzaika chuma chawo m'dziko la eni. Mfundo yake ndi imodzi: dziko la Malawi lidasaina mapangano ambiri amene amalamula ntchito, mitengo, mankhwala ndi migodi yake, ndipo pangano limapindulitsa amene amadziwa kuliwerenga. Tsono maphunziro amenewa si chokongoletsera dzina la munthu ayi, koma chida chimene dziko losauka siliyenera kukhala lopanda.

Mkangano wa pa Songwe

M'mwezi wa Malichi 2025, Boma la Malawi lidaletsa kwa kanthawi kuitanitsa kunja katundu wina amene angathe kupezeka m'dziko muno, monga ufa, mpunga, mkaka, zipatso, anyezi ndi mipando ya matabwa. Cholinga chake chidali kusunga ndalama zakunja, zimene zidali zitasowa kwambiri, ndi kupatsa mpata alimi ndi amisiri akuno. Kwa kalipentala wa ku Zingwangwa chiletso chotere chimamveka ngati dalitso. Koma mwezi wotsatira dziko la Tanzania lidabwezera poletsa zokolola za ku Malawi kulowa m'dziko mwake, ndipo lidaopsezanso za katundu wodutsa popita ndi pochokera ku doko la Dar es Salaam. Amayi ochita malonda a m'malire ku Karonga ndiwo adayamba kulawa ululu wake. Patapita masiku ochepa Tanzania idachotsa chiletsocho ndipo maiko awiriwa adakhala pansi kukambirana.

Ambiri adaiona nkhaniyi ngati kupsetsana mitima kwa anansi, koma kwa munthu wophunzira malamulo a malonda idali mlandu wokhala ndi ndime zake. Maiko onse awiri ndi mamembala a bungwe la malonda la dziko lonse la WTO, limene lidayamba pa 1 Januwale 1995 ndipo Malawi adalowamo m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho. Pangano lakale la GATT la m'chaka cha 1947, limene ndilo msana wa bungweli, limanena m'ndime ya 11 kuti dziko lisatseke chipata poletsa katundu kapena poika malire a kuchuluka kwake. Ndime ya 5 imanena kuti katundu wongodutsa m'dziko popita kwina apatsidwe njira, ndipo ndime imeneyi ndiyo mpweya wa dziko lopanda doko monga Malawi. Komanso pangano lomwelo lili ndi zitseko zothawira: ndime ya 18 imalola dziko losauka kuchepetsa zoitanitsa ndalama zakunja zikasowa, ndipo ndime ya 19 imalola kuteteza kwa kanthawi ntchito imene yapanikizidwa ndi katundu wakunja. Zitseko zimenezi zili ndi makiyi ake: kudziwitsa maiko ena, kupereka umboni, ndi kutchula nthawi imene chiletso chidzathe.

Palinso kanthu kena kamene munthu wosaphunzira zimenezi sangakaone. Malawi ali m'mabungwe awiri a m'chigawo chino, COMESA ndi SADC, koma Tanzania idatuluka mu COMESA m'chaka cha 2000. Motero mkangano wa pa Songwe sukadapita ku bwalo la milandu la COMESA, ndipo pangano la m'chigawo limene likadagwira ntchito ndi la malonda la SADC limene lidasainidwa ku Maseru m'chaka cha 1996. Kudziwa khomo loyenera kugogoda ndi theka la mlandu.

Zimene Ndirande adaziona kale

Anthu achikulire a ku Ndirande safuna buku kuti awauze mphamvu ya malamulo a malonda. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons, imene idatsegulidwa ku Makata m'chaka cha 1967, idalemba ntchito anthu zikwizikwi, ndipo m'mawa uliwonse misewu yotsika kuchokera m'munsi mwa phiri inkadzaza ndi antchito. Fakitaleyo inkaluka thonje la ku Chigwa cha Shire ndi ku Salima ili m'kati mwa mpanda wa misonkho imene inkakweza mtengo wa nsalu zakunja. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 dziko lino lidalandira ngongole za World Bank ndi IMF zimene zidadza ndi lamulo logwetsa mpandawo. Nsalu zotsika mtengo za ku Asia ndi kaunjika zidasefukira, ndipo fakitale, imene idalinso ndi mavuto ake a makina okalamba ndi kayendetsedwe, idafooka kufikira idagulitsidwa kwa a Mapeto m'chaka cha 2003.

Mafakitale osoka zovala a mu Blantyre ndi Limbe nawo adadzuka ndi kugwa potsata mapangano. Pangano la Malawi ndi South Africa la m'chaka cha 1990 lidawatsegulira msika wa kummwera, ndipo lamulo la dziko la America lotchedwa AGOA, la m'chaka cha 2000, lidawalola kugulitsa zovala kumeneko popanda msonkho. Koma pa 1 Januwale 2005 dongosolo lakale limene linkaika malire pa zovala zochokera ku China ndi maiko ena a ku Asia lidatha, monga momwe maiko adagwirizanirana ku Marrakesh m'chaka cha 1994. Tsikulo lidali lodziwika zaka khumi lisanafike. Telala wa ku Bangwe amene adataya ntchito pambuyo pake sadalidziwe, koma lidali lolembedwa poyera kwa aliyense wodziwa kuwerenga mapangano.

Ngakhale kaunjika amene ali ndi malamulo ake. M'chaka cha 2016 maiko a kum'mawa kwa Africa adagwirizana kuti athetse pang'onopang'ono kuitanitsa zovala zovalidwa kale kuti mafakitale awo adzuke. Amalonda a kaunjika a ku America adadandaula ku boma lawo, maiko ena adabwerera m'mbuyo, koma Rwanda idaumirira, ndipo m'chaka cha 2018 idalandidwa mwayi wogulitsa zovala ku America popanda msonkho. Phunziro lake n'lakuti AGOA silidakhalepo pangano la mbali ziwiri, koma mphatso imene wopereka angathe kuilanda. Amene akulangiza Boma ayenera kusiyanitsa mphatso ndi ufulu.

Pamene malamulo adapulumutsa miyoyo

Kungakhale kulakwa kuganiza kuti malamulo amenewa amangopweteka osauka. Pangano la WTO lotchedwa TRIPS limapatsa wotulukira mankhwala atsopano ufulu wa zaka 20 woletsa ena kuwapanga. Cha m'ma 2000 mankhwala otalikitsa moyo a odwala Edzi ankadya madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka, mtengo umene Mmalawi wamba sakadaulota. M'chaka cha 2001 kampani ya Cipla ya ku India idalengeza kuti ingathe kupereka mankhwala otero pa madola 350 pa chaka; makampani 39 a mankhwala amene adasumira boma la South Africa adauleka mlandu wawo; ndipo m'mwezi wa Novembala, pa msonkhano wa ku Doha, maiko a mu Africa adatsogolera pokakamiza bungwe la WTO kuvomereza kuti pangano la TRIPS lisatsekereze dziko kuteteza umoyo wa anthu ake. Malawi adayamba kupereka mankhwalawo mwaulere m'chaka cha 2004. M'chaka cha 2015 maiko osaukitsitsa adapatsidwa nthawi kufikira 2033 asanakakamizidwe kutsata pangano limeneli pa mankhwala. Munthu amene amalandira botolo lake pa chipatala cha Gulupu kapena pa chipatala chaching'ono cha ku Chilomoni amadya zipatso za mkangano wa mawu umene udapambanidwa ndi anthu odziwa ndime ndi ziganizo.

Mlendo wodza ndi chuma

Nthambi yachiwiri ya maphunzirowa imakhudza mlendo wodzatsegula mgodi, fakitale kapena kampani ya lamya. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo dziko lino limamufunadi mlendo wotere. Koma kalumo kakuthwa kamameta ndiponso kamacheka, malingana ndi dzanja lokagwira.

Chitsanzo chodziwika ndi mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga. M'chaka cha 2007 Boma lidasainirana pangano ndi kampani ya Paladin ya ku Australia. Boma lidalandira magawo 15 pa 100 a umwini wa mgodiwo, koma lidatsitsa msonkho wa pa miyala yokumbidwa kuchoka pa magawo 5 pa 100 kufika pa 1.5 m'zaka zitatu zoyamba ndi 3 pambuyo pake, lidatsitsanso msonkho wa pa phindu kuchoka pa 30 kufika pa 27.5, ndipo lidalonjeza kusasintha zimenezi kwa zaka khumi. Mgodi udatsegulidwa m'chaka cha 2009 ndipo udaima m'chaka cha 2014 mtengo wa yureniyamu utagwa potsatira ngozi ya ku Fukushima ya m'chaka cha 2011. M'chaka cha 2015 bungwe la ActionAid lidawerengera kuti dziko lidataya madola 43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi, ena mwa iwo chifukwa chakuti ndalama zina zinkatuluka kudzera ku Netherlands, dziko limene pangano lake lakale la misonkho ndi Malawi silinkalola kudula msonkho pa ndalama zotero. Kampaniyo idayankha kuti idatsata malamulo, kuti popanda kuchepetsa misonkho mgodi sukadatsegulidwa, ndi kuti iyo idataya chuma pa ntchitoyo.

Nkhani pano si yofuna mfiti. Kampani iliyonse imadza pa gome ndi maloya amene adalembapo mapangano ambiri otero m'maiko osiyanasiyana, ndipo amachita ntchito imene adalembedwera. Funso ndi lakuti mbali ya Malawi ya gomelo pakhala ndani. Funsoli silidathe, pakuti m'chaka cha 2024 Boma lidasainanso mapangano a migodi, limodzi ndi kampani ya Lotus imene idagula Kayelekera ndi lina ndi kampani ya Mkango ya ku Songwe Hill ku Phalombe. Mapangano a migodi amatha zaka zambiri ali moyo, ndipo mwana amene ali mu Sitandade 1 ku Machinjiri adzakula akulamulidwabe ndi zimene zidalembedwamo.

Pangano likasokonekera, mlandu wake kawirikawiri sukambidwa ku khoti la ku Chichiri. Malawi adalowa m'chaka cha 1966 m'pangano limene lidakhazikitsa bwalo la ICSID ku Washington, kumene amalonda akunja amasumira maboma pamaso pa amkhalapakati atatu, ndipo m'chaka cha 2021 adalowanso m'pangano la ku New York la m'chaka cha 1958 limene limachititsa kuti chigamulo cha amkhalapakati a dziko lina chigwire ntchito kuno. Kuopsa kwa milandu yotere anansi a ku Zambia akukudziwa. Ngongole imene dzikolo lidatenga ku Romania m'chaka cha 1979 pogula mathirakitala idagulidwa m'chaka cha 1999 ndi kampani ya Donegal International pa madola opitirira pang'ono 3 miliyoni. M'chaka cha 2003 Zambia idasaina kalata yovomereza kabwezedwe kake, mmene mudali ndime zolola kuti mlandu ukaweruzidwe ku England ndi kuti ngongole yonse idzuke ikalephera kulipira. Kampaniyo idafuna madola 55 miliyoni, ndipo m'chaka cha 2007 khoti la ku London lidagamula kuti Zambia ilipire pafupifupi 15 miliyoni. Ndime ziwiri kapena zitatu zidadya ndalama zomangira sukulu zambiri. Safunsa adadya phula.

Malawi nayenso adalawapo. Kampani ya Malawi Mobile Limited, imene chiphaso chake cha lamya za m'manja chidathetsedwa, idapatsidwa ndi khoti lalikulu m'chaka cha 2012 chigamulo cha madola oposa 66 miliyoni. Khoti la apilo lidachigwetsa chigamulocho m'chaka cha 2015, kampaniyo idapita ku bwalo la COMESA, ndipo m'chaka cha 2017 oweruza a apilo a bwalolo adapeza kuti mlanduwo sudali wa m'mphamvu zawo. Chimene chidateteza thumba la dziko pamenepo chidali kudziwa malire a pangano la COMESA.

Kodi amaphunzira chiyani, ndipo kuti?

Maphunziro a malamulo m'dziko muno adayambira ku Mpemba, kufupi ndi Blantyre, asanasamukire ku Chancellor College ku Zomba m'chaka cha 1973. Digiri yoyamba imaphunzitsa malamulo a m'dziko: a milandu ya upandu, a malo, a mapangano a anthu awiri, a kayendetsedwe ka boma. Digiri yachiwiri, imene pa Chingerezi amaitchula LLM ndipo kawirikawiri imatenga chaka chimodzi kapena ziwiri, imamutulutsa wophunzira kunja kwa malire. Amaphunzira mizati iwiri ya WTO, woyamba wakuti mwayi umene dziko lapatsa mnzake mmodzi liupereke kwa onse, wachiwiri wakuti katundu wakunja akalowa asasalidwe pomuyerekeza ndi wa m'dziko. Amaphunzira malamulo a ukhondo wa zakudya ndi mbewu, amene angathe kutsekera mtedza wa ku Mchinji kunja kwa msika wa ku Ulaya chifukwa cha chuku. Amaphunzira mapangano a misonkho, kalembedwe ka mapangano a migodi ndi magetsi, ndi kayendetsedwe ka milandu ya amkhalapakati. Potsiriza amalemba kafukufuku wake pa funso limodzi.

Mutu umodzi wooneka wouma koma wokhudza mmisiri aliyense ndi wa malamulo otsimikizira kumene katundu adapangidwa. Kuyambira pa 31 Okutobala 2000 katundu wopangidwa m'Malawi amalowa ku Zambia, ku Zimbabwe, ku Kenya ndi m'maiko ena a COMESA popanda msonkho wa pa chipata. Koma kodi kabati yokhomedwa ku Ndirande ndi matabwa a ku Chikangawa, mahinjesi a ku China ndi vanishi wa ku South Africa ndi ya Malawi? Limodzi mwa malamulo a COMESA limati inde, ngati ntchito ndi zipangizo za kuno zawonjezera magawo osachepera 35 pa 100 a mtengo wopangira. Kwa amalonda ang'onoang'ono, kuyambira m'chaka cha 2010 pa chipata cha Mchinji pali njira yachidule yoolotsera katundu wosankhidwa. Mayi amene sadziwa za njirayi amalipira zimene sayenera kulipira, kapena amadzera njira za kuthengo kumene amakumana ndi zoopsa. Nkhani zoterezi zakula ndi pangano la msika umodzi wa Africa yense, limene lidasainidwa ku Kigali pa 21 Malichi 2018, lidayamba malonda pa 1 Januwale 2021, ndipo Malawi adalivomereza mwezi womwewo.

Malo ophunzirira alipo m'chigawo chomwe chino. Yunivesite ya Pretoria mogwirizana ndi ya Western Cape ku South Africa idakhazikitsa kumayambiriro a zaka za m'ma 2000 digiri yachiwiri ya malamulo a malonda ndi chuma cha alendo mu Africa, yophunzitsa maloya ochokera m'maiko ambiri a kuno. Ku Arusha m'dziko la Tanzania kuli sukulu ya trapca, imene idayamba m'chaka cha 2006 mothandizana ndi yunivesite ya Lund ya ku Sweden, ndipo idakonzedwa makamaka kaamba ka maiko osaukitsitsa. Imeneyi imalandiranso ophunzira za chuma ndi ogwira ntchito m'boma amene si maloya. Ku Stellenbosch kuli bungwe la tralac lofufuza ndi kuphunzitsa malamulo a malonda a mu Africa, ndipo ku Bern m'dziko la Switzerland kuli World Trade Institute. Thandizo la ndalama za maphunziro limapezeka mwa mpikisano kudzera ku Chevening, ku Commonwealth, ndi ku Beit Trust imene imathandiza nzika za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zokha.

Mafunso atatu oyenera kuyankhidwa

Ena amati malamulo amenewa ndi ukonde wogwira matemba okha, chambo chachikulu chimaung'amba. Mawuwa ali ndi choonadi. Kuyambira m'mwezi wa Disembala 2019 bwalo la apilo la WTO lidaleka kugwira ntchito chifukwa dziko la America lidakana kusankha oweruza atsopano. Pamene Tunisia idasumira Morocco m'chaka cha 2018 pa msonkho wa makope a ana a sukulu, ndipo m'chaka cha 2021 idapambana pa mfundo zambiri, Morocco idachita apilo ku bwalo lopanda oweruzalo ndipo chigamulo chidangolenjekeka. Koma pamene bwalo lafooka m'pamene kukambirana kumakula mphamvu, ndipo pokambirana dziko laling'ono lilibe zombo kapena chuma choopsezera. Chida chake ndi mfundo yokonzedwa bwino ndi mgwirizano ndi anzake, monga zidaonekera ku Doha.

Ena amati n'kosafunika kuphunzitsa anthu akuno popeza thandizo laulere lilipo. N'zoona kuti ku Geneva kuli bungwe la Advisory Centre on WTO Law, limene lidayamba m'chaka cha 2001 ndipo limalangiza maiko osaukitsitsa popanda malipiro, ndiponso ku Abidjan kuli African Legal Support Facility imene imathandiza maboma pa mapangano a migodi ndi ngongole. Koma sing'anga, ngakhale wodziwa chotani, amafuna wodwala wotha kuloza pamene pakuwawa. Loya wobwereka amadza, namaliza ntchito yake, napita. Pangano limatsala kuno zaka makumi awiri likufuna munthu woliyang'anira tsiku ndi tsiku.

Funso lachitatu ndilo lolemera. Kodi ophunzirawo akamaliza amabwerera? Ndipo akabwerera amakhala mbali iti ya gome? Malipiro a m'boma sangapikisane ndi a makampani akuluakulu kapena a mabungwe akunja, ndipo si zachilendo kuti munthu amene adaphunzira ndi thandizo loperekedwa m'dzina la dziko lake apezeke akulembera mlendo ndime zomangira dzikolo. Palibe tchimo potumikira kampani, ndipo amalonda a Chimalawi nawonso amafuna maloya otere. Koma dziko limene limaphunzitsa anthu popanda kuwakonzera malo limafanana ndi mlimi wolima dimba lopanda mpanda m'mbali mwa njira ya mbuzi. Unduna wa Zamalonda, Unduna wa Zachilungamo, bungwe lotolera misonkho la MRA, bungwe loona miyezo ya katundu ndi bungwe lokopa amalonda la MITC ayenera kukhala ndi mipando imene katswiri angakhalepo zaka zambiri osasamutsidwa, pakuti zokambirana za malonda zimatenga nthawi yaitali, ndipo amene wafika dzulo sangalimbane ndi amene adayamba nazo.

Kwa aphunzitsi ndi otsiriza sukulu

Mtsikana amene wangolemba mayeso a Fomu 4 ku Bangwe angaone ngati zonsezi zili kuseri kwa mapiri asanu ndi awiri. Kunena zoona njirayo ndi yaitali: kukhoza bwino MSCE, kulowa ku yunivesite, kupambana mpikisano wolowera ku malamulo, kutha zaka zinayi kumeneko, kuphunzira kagwiridwe ka ntchito ku Malawi Institute of Legal Education, kugwira ntchito zaka zingapo, kenaka kufunafuna malo ndi thandizo la digiri yachiwiri. Koma tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Ndiponso khomo si limodzi: wophunzira za chuma, za ulimi kapena za kawerengedwe ka ndalama angathe kulowa m'ntchito yomweyi, pakuti gulu lokambirana pangano limafuna woŵerenga manambala pambali pa woŵerenga ndime.

Mmera m'poyamba, ndipo mbewu ya ntchito imeneyi ili m'manja mwa aphunzitsi. Choyamba ndi kuwerenga mosamala: mwana amene wazolowera kufunsa chifukwa chake chiganizo chanena kuti "ayenera" m'malo mwa "angathe" wayamba kale maphunziro a mapangano. Chachiwiri ndi masamu a magawo pa 100, pakuti kusiyana kwa 5 ndi 1.5 kumaoneka kochepa pa bolodi koma pa mgodi ndi mamiliyoni. Chachitatu ndi zilankhulo: bungwe la WTO limagwira ntchito m'Chingerezi, Chifalansa ndi Chisipanishi, ndipo katundu wambiri wa Malawi amadzera ku Beira ndi ku Nacala kumene amalankhula Chipwitikizi. Chachinayi ndi kugwiritsa ntchito zimene zili pafupi. Mphunzitsi wa jogalafe angatume ophunzira ku msika kuti akalembe maiko amene adalembedwa pa mapaketi makumi awiri, nabwere kudzajambula njira imene katundu aliyense adayenda ndi zipata zimene adadutsa. Phunziro lotere silifuna ndalama, koma limatsegula maso.

Mwana wa ku Ndirande alinso ndi chuma chimene ophunzira a kwina alibe. Iye amadziwa chimene chimachitika m'nyumba fakitale ikatsekedwa, amadziwa mtengo wa belo ndi phindu lake, ndipo adaonapo mzere wa anthu odikira mankhwala. Munthu wotere akadzakhala pa gome ku Geneva kapena ku Accra, sadzaona ndime ya 11 ngati zilembo chabe, koma adzaona nkhope za anthu amene ndimeyo idzawadyetse kapena kuwagoneka ndi njala. Mapangano adzapitirira kusainidwa, kaya dziko lakonzeka kaya silidakonzeke. Chotsala n'chakuti pakhale ana a dziko lino owerenga tsamba lililonse cholembera chisanagunde pepala.

Gawo lotsatira lidzalongosola kalembedwe ka kalata yopempha malo ndi thandizo la maphunziro a digiri yachiwiri, ndi zolakwa zimene zimagwetsa ofunsira ambiri.